Cholembera Chosadziwa Dzanja la Munthu

A Fermin Macaraeg anagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala m'dera lathu la Quiapo kuyambira tsitsi lili bii mpaka litachita mbuu, ndipo zaka zonsezo ankalembera bolopeni yomangirira pakauntala ndi kachingwe. Munthu yemweyo kunyumba kwake anali ndi kabati yagalasi yodzaza zolembera za inki, zija zomwetsa m'botolo, za nibu (kansonga kolembera kaja) yagolide, zochokera ku Japani, ku Italiya ndi ku Jeremani. Amuna ena a mumsewu mwathu ndalama zawo zinkathera ku atambala omenyana, ena ku mowa. Za a Fermin zinkathera mukabati. Koma mwa zolembera zonsezo panalibe n'chimodzi chomwe chimene chinalawapo inki.

Musafulumire kuseka, chifukwa anthu osunga zolembera ali ndi malamulo awo. Cholembera chikangomwa inki kamodzi, kwa iwo chasanduka chakale, ngakhale chikhale chokongola chotani. Lamulo lina n'lakuti cholembera sabwereka, poti nibu imadyeka motsata dzanja la mwini wake mpaka imakana dzanja lina lililonse. Malamulowa a Fermin ankawadziwa kuposa mapemphero. Loweruka masana ankakwera jipini, minibasi ya kuno, kupita ku msewu wa Escolta, kumene ankakumana ndi anzawo a matenda omwewo, n'kumapatsirana zolembera atavala magolovesi oyera ngati akunyamula mwana wobadwa kumene. Inki nayo ankagula, mabotolo mbwee, koma ankangotsegula, kununkhiza, kudontheza kamodzi papepala, basi n'kutseka.

Wolemba weniweni m'nyumbamo anali mkazi wawo, a Luningning, amene tonse tinkangoti a Ningning. Ntchito yawo inali kulemba mayina pa masatifiketi a omaliza maphunziro, pa makadi a ukwati ndi a ubatizo. Theka la anthu a kuno mayina awo ali pakhoma m'dzanja la mayi ameneyu. Cholembera chawo chinali chimodzi chokha, chakuda, cha chivindikiro chong'aluka, chimene anapatsidwa ndi sisitere amene anawaphunzitsa ali mtsikana. Dzanja linali lofatsa, koma pakamwa ayi ndithu.

"A mlonda, ana anu adzuka bwanji?" ankatero m'mawa akapeza amuna awo akupukuta galasi la kabati. "Sanalire usiku? Muwamwetseko kena kake, nkhanza zimenezo."

"Inu simungazimvetse izi, mayi," a Fermin ankayankha.

"Ndizimvetsa bwanji? Ine ndinakwatiwa ndi munthu woweta nkhuku zosaikira."

Tsiku lina a Fermin anabwera ndi botolo la inki yobiriwira, akunyadira kuti imauma msanga ndipo dzina lake ndi Nkhalango Itagwa Mvula. A Ningning analikweza botololo padzuwa, n'kukwinya mphuno.

"Iyi ndi ndulu ya nsomba. Mverani bwinobwino, akulu inu: ndikadzafa musadzalembe dzina langa ndi zimenezi, ndidzadzuka."

Atapuma pantchito, a Fermin anachita chimene anachilota moyo wawo wonse. Anagula cholembera chofiira cha ku Japani, chonenepa koma chopepuka, chojambulidwa tinsomba tagolide ndi mmisiri wina amene akuti anamwalira kale. Mkazi wina akanakhala sabata yonse osalankhula. A Ningning analankhula sabata yonse. A Fermin ankangoviika buledi wawo mu khofi, mutu uli pansi, ndipo kunena zoona mtima wawo unkakondwa, chifukwa nyumba yawo inkakoma ndi phokoso limenelo.

Sitiroko inawapeza a Ningning patebulo, m'mwezi wotentha wa Malichi, masatifiketi ataunjikana pambali pawo. Anabwera kuchokera kuchipatala dzanja lamanja litafa, lilime litalemera. Adokotala anati nzeru zonse zilimo, mawu onse alimo, pakhomo potulukira ndi pamene pagwa mtengo. Poyamba ankayesa kulankhula, mawu n'kumatuluka opindika. Mayi wina woyandikana nawo atabwera kudzazonda anawayankha mokweza, pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi khanda. A Ningning anamuyang'ana mayiyo, anatseka pakamwa, ndipo sanatsegulenso koma podya basi.

Nyumba inangoti zii. A Fermin ankawasambitsa, kuwapesa, kuwaphikira phala la mpunga la jinja, ndipo zonsezi sizinawalemere. Chinawalemera n'chakuti ankatha kupsereza phala, kuvala malaya mozondotsa, kupukuta kabati m'mawa wonse, popanda wowanena. Anayesa ngakhale kulakwitsa dala. Mkazi wawo ankangoyang'ana pawindo. Apa m'pamene bambo uja anachita mantha, poona kuti munthu amene anakhala naye moyo wonse ali pompo pampando koma akunka napita.

Mayi wophunzitsa odwala mafizo anawalangiza kuti ayese kulemba ndi dzanja lamanzere. A Fermin anayamba ndi bolopeni. A Ningning anaiyang'ana ngati atukwanidwa. Ndiye bambo uja, ndi mtima wabwino wokhawokha, anakatenga cholembera chakuda chija, kuchimwetsa inki, n'kuchiika m'zala za mkazi wawo. Maso a mayi uja anawala pang'ono. Anatsamira papepala n'kuyamba chilembo choyamba cha dzina lawo. Nibu inakanda, inakola, inalavula inki, kenako inang'amba pepala. Anayesanso, chimodzimodzi. Cholembera chimene chinawamvera kuyambira utsikana wawo chinali kuwakana ngati mlendo. Anachikankhira kutali, anatembenukira kukhoma, ndipo tsiku limenelo phala linazizira m'mbale.

M'mawa mwake a Fermin anasiya wodwala m'manja mwa mchemwali wawo n'kupita ku Escolta kwa a Gorio Sy, mnzawo wakale wa gulu la Loweruka lija, amene ali ndi kashopu kokonzera zolembera pansi pa masitepe.

"Mwasowatu, madala," anatero a Gorio. "Tinkayesa mwakwiriridwa ndi ana anu aja. Alamu ali bwanji?"

"Ali pomwepo. Taonani ichi, achimwene. Mundinolere nibuyi kuti izilemba ndi lamanzere."

A Gorio anaika kagalasi padiso n'kuitembenuza nibuyo pansi pa nyali. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwawapatsa ichi kuti alembe ndi dzanja linalo? Inuyo, a Fermin? Inu amene munakana kundibwereka cholembera tsiku la ukwati wa mwana wanga?"

"Mutu sunali kugwira."

"Kunola ndinola, si nkhani. Koma taonani kaye." Anawapatsa kagalasi kaja. Nsonga ya nibu inali itadyeka mbali imodzi, yosalala, yopendekeka monga mmene dzanja la a Ningning linkapendekera. "Dzanja lawo lamanja latsala pamenepa pokha. Ndikapala apa, lapita. Mukufunadi?"

A Fermin anachilanda cholemberacho msanga ngati wina akufuna kuchiba.

"Ndiye nditani?"

"Dzanja lamanzerelo ndi mwana wa sukulu. Likufuna cholembera chosadziwa dzanja la munthu, chofewa, choti akulire limodzi. Ndi inki youma msanga, poti amanzere amapukuta ndi dzanja zimene angolemba kumene."

"Chotero ndikachipeza kuti masiku ano?"

A Gorio anawayang'ana mnzawoyo m'maso. A Fermin anayamba kutuluka thukuta pamphuno.

"Zipitani, madala," anatero a Gorio. "Kwa anzathu aja ndikanena kuti munali munthu wabwino."

Ndisawanamizire kuti anafika kunyumba n'kuchita zaungwazi nthawi yomweyo. Anaima pakabati, ndipo dzanja lawo linayamba lapita ku cholembera chotsika kuposa zonse, cha pakona, chimene sichikanawapweteka kwambiri. Anachigwira, anachibweza. Chinali chowonda, choterera, chosayenera zala zonjenjemera. Komanso ankamudziwa mkazi wawo: akanaona msanga kuti wapatsidwa makombo, ndipo akanatembenukiranso kukhoma. Chonenepa ndi chopepuka m'kabati monsemo chinali chimodzi. Mtima unawawawa, ndipo sanachite manyazi kuti ukuwawa. Anasiya magolovesi pamwamba pa kabati n'kutulutsa chofiira chija ndi manja awo enieni.

Pa mabotolo a inki sanachedwepo. Yakuda youma msanga inalipo, mabotolo awiri. Iwo anatenga yobiriwira ija.

A Ningning anali patebulo, akuyang'ana zovala za anthu zoyanika tsidya la msewu. A Fermin anakhala moyang'anana nawo, anatsegula kabokosi, anamasula chivindikiro. Maso a mayi uja anachoka pawindo. Anayang'ana cholembera, anayang'ana amuna awo, anayang'ananso cholembera. Nibu yagolide italowa m'botolo, mayiyo anakoka mpweya ngati munthu woona mwana akuwoloka msewu.

Tsono munthu wosunga zolembera moyo wake wonse uja kumwetsa bwino sankadziwa. Botolo linapendekeka, inki inayenderera m'zala mpaka pamkono, ina inadonthera pansalu ya patebulo yolukidwa ndi malemu apongozi awo. Kale zikanakhala nkhani ya mwezi wathunthu. A Fermin anadikira. Mlomo wa a Ningning unagwedera pang'ono, koma palibe chinatuluka.

A Fermin anayala pepala molipendeketsa, analitsindika ndi kapu kuti lisathawe, anaika cholembera pafupi ndi dzanja lamanzere.

"Ichi sichidziwa munthu, mayi," anatero. "Ngakhale ine sichindidziwa. Mukachifuna ndi chanu. Ine ndikateleke madzi a khofi."

Kukhitchini anaima pafupi ndi chitseko, ketulo ili pamoto. Kunja majipini ankaliza mahutala, wogulitsa nsomba ankaitanira malonda ake, koma m'chipinda muja munali zii. Madzi anawira, anawasiya. Anayamba kudziimba mlandu kuti mwina wamuchititsanso manyazi munthu wodwala. Kenako anamva kaphokoso kakang'ono kamene anakhala akukamva zaka zonse za ukwati wawo osakalabadira, ka nibu ikuyenda papepala. Kankayenda, kuima, kuyendanso. Sanasuzumire. Anagwira chitseko ndi dzanja lobiriwira lija mpaka kaphokoso kaja katatha, kenako anamva kapu ikugogodwa patebulo.

Zilembo zinali zazikulu, zopindika, zotsetsereka ngati za mwana wa kalasi yoyamba, ndipo mbali ina dzanja linali litazipaka. Palibe sukulu imene ikanazilola pa satifiketi. A Fermin anavala magalasi n'kuwerenga mokweza:

"A mlonda, iyi ndi ndulu ya nsomba. Bweretsani yakuda."

A Fermin anabweza pepala patebulo.

"Yakuda inatha, mayi."

A Ningning anakokera pepala kwa iwo eni. Ulendo uno sanachedwe, poti anali mawu amodzi okha: "Bodza."

Bambo uja anakhala pansi, anavula magalasi, n'kuyamba kupukuta misozi ndi zala zawo, ataiwala zimene zinali kuzalako. Anapukuta m'maso, pamphuno, m'masaya. Atadzutsa mutu anapeza mkazi wawo akugwedezeka mapewa, mbali imodzi ya pakamwa itakwera m'mwamba, akuseka kuseka kopindika kosabisa. Dzanja lamanzere linali litagwira kale cholembera chofiira molimba, tinsomba tagolide tija titadetsedwa ndi inki. Linatsikiranso papepala, ndipo a Fermin anadikira chilembo ndi chilembo, osathandiza, mpaka mzere wonse utatha.

"Kasambeni kumaso, mukundichititsa manyazi."