Tsiku Limene Ndinagwada pa Misa

Atandichita opaleshoni ya bondo, ija amangoboola timabowo tiwiri, adokotala anandiuza kuti, "Mapilitsi a ululu muzimwa pa nthawi yake, ndipo osagwada."

Lamlungu lachitatu mapilitsiwo ndinawasiya dala, ati ndachira. Kutchalitchi kwathu ku Mauwa anthu onse atagwada, ndinachita manyazi kutsala ndekha pabenchi ngati mlendo. Ndinagwada.

Kudzuka kunakanika. Misa inatha, anthu anatuluka, ine ndili chigwadire, misozi ili mbwembwembwe, akazi anga akucheza panja.

Akatekisiti anandipeza choncho. "Abambo Makwinja, kupemphera kwanuku kwatikhudza."

Ndinangoti, "Ndi chisomo."

Chilungamo sindinawauze mpaka lero. Pano anandisankha kukhala wotsogolera kolona, ndipo timagwada kuyambira poyamba mpaka pomaliza.