Olemekezeka pa Benchi ya Kumbuyo

Tisanapite patali, timalize kaye mlandu umodzi. Amene anakhazika a Shado pa benchi ya oimitsidwa Lamulungu lapitali ndine. Musavutike ndi kufufuza, ndipo musamunamizire Gift wa kwaya, iye uja ankangoseka basi. Amayi akuuza anzawo kumsika kuti mwanayo sanadziwe. Ndinkadziwa bwinobwino. Mutandibwezera Lamulungu lomwe lija ndingawakhazikenso pomwepo, mwina n'kuwapukutirapo fumbi kaye.

Inu amene simupemphera kwathu ndikufotokozereni. Mpingo wathu ndi waung'ono, ndipo ambirife ndife obwera: aphunzitsi, apolisi, anamwino, asilikali, anthu amene ntchito inawaponya kuno ku Mangochi. M'tchalitchi mwathu, kumbuyo kwenikweni pafupi ndi khomo, muli benchi ina yopanda chotsamira. Sanalembepo kanthu, koma ngakhale mwana wa Sande Sukulu amaidziwa. Pamakhala anthu amene akulu a mpingo awaimitsa. Sadya mgonero, saimba kwaya, ndipo mapemphero akatha amatsalira kuti alangizidwe, mpaka tsiku limene akuluwo adzakhutire n'kuwabwezera.

Achemwali anga, a Tadala, akhala pa benchi imeneyo kuyambira pamene mimba yawo inaonekera. Mwana anabadwa, pano akukwawa, koma sanabatizidwe chifukwa mayi wake akadali woimitsidwa. Mwini mimbayo ntchito inamusamutsira boma lina, ndipo tikumva kuti kumeneko ndiye akutsogolera nyimbo. Nkhani yobwezera achemwali inali yoti akulu aikambe Lachitatu la sabata ino. Abambo, amene ndi mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo, anatichenjeza tonse kunyumba kuti sabata imeneyi aliyense asunge pakamwa pake ndi manja ake. Ankati aliyense, koma maso anali pa ine.

Kenako kunabwera uthenga woti a Shado adzapemphera nafe. Dzina sinditchula. Ndi mmodzi mwa aja akufuna uphungu, amene nkhope zawo zamatidwa pa milambe kuyambira pa mlatho mpaka ku Namwera. Kunamvekanso kanong'onong'o koti akubwera ndi lonjezo la malata, poti denga lathu nthawi ya mvula limabatiza aliyense, woimitsidwa ndi wosaimitsidwa yemwe.

Loweruka achinyamatafe tinasenza sofa ya kunyumba kwa abusa n'kukaiika kutsogolo, pafupi ndi guwa. Amayi abusa anayalapo tinsalu tawo toluka toyera, tija timatuluka pa Khrisimasi pokha. Anabwereka fani. Anagula madzi a m'botolo. Ine ndine wolandira alendo pakhomo, choncho mlembi wa mpingo, a Kamwendo, anandikokera pambali n'kundiphunzitsa kawerama kake ndi kayendedwe kowaperekeza olemekezekawo mpaka pa sofa.

Lamulungu a Shado anachedwa. Tinaimba, tinaimbanso, kwaya inabwereza nyimbo imene inali itaimba kale, mpaka abusa anati tiyambe. Pemphero lalikulu anapatsidwa a Gondwe, msilikali wopuma, amene akayamba kupemphera amayambira kwa atsogoleri a dziko, n'kudutsa m'zipatala ndi m'ndende, mpaka kukafika kwa asodzi amene ali pamadzi. Ali pakati pa odwala, panja panaima galimoto.

Tsono kwathu kuli lamulo. Munthu akafika pemphero lili mkati sayenda pakati pa tchalitchi. Wolandira alendo amamukhazika pamalo apafupi ndi khomo mpaka amve Amen. Lamuloli anaika ndi a Kamwendo omwewo, ndipo khutu langa lakumanzere limalikumbukira bwino. Malo apafupi analipo awiri, pa benchi ya azibambo ndi pa benchi ija. Ndinawerama monga anandiphunzitsira, n'kunong'oneza kuti, "Bwana, pemphero lili mkati. Khalani kaye apa."

Anakhala, pakati pa achemwali anga ndi mayi Nachisale, amene anaimitsidwa chifukwa chotcheza kachasu. Mwana wa achemwali anaona wotchi yonyezimira n'kuyamba kuikoka. A Shado, poti dzanja linazolowera za kampeni, anamunyamula n'kumuika pamwendo. Mnyamata wawo wa foni anajambula.

A Gondwe atati Amen, a Kamwendo anatsegula maso, anayang'ana sofa, anayang'ana khomo, ndipo ndinaona nkhope ya munthu wamkulu ikusintha ngati nyanja ikamayamba mwera. Anatsika msangamsanga akupotokola manja, kupepesa, kupempha olemekezeka kuti apite kutsogolo. A Shado anaona mpingo wonse utatembenukira kwa iwo, n'kuganiza kuti mwayi ndi womwewu. Anayankha mokweza kuti aliyense amve:

"Ayi, akuluakulu, ndisiyeni pompano. Ine malo anga ndi pakati pa anthu awa."

Mayi Nachisale anakonza mpango wawo n'kunena modekha kuti, "Takulandirani, bwana. Muzolowera."

Apo ndi pamene Gift anathawira panja atagwira pakamwa. Sofa inakhala yokha mpaka mapemphero kutha, fani ikukupiza tinsalu toluka. Pa zolengeza, kwa nthawi yoyamba chibadwire changa, a Kamwendo anaiwala kunena kuti a pa benchi ya kumbuyo atsalire. Masana chithunzi chija chinali pa masamba a mchezo, ndi mawu akuti mtsogoleri wodzichepetsa. Anthu odziwa benchiyo anayamba kufunsa pansi pake kuti awaimitsa chifukwa chiyani, ndipo atsala ndi miyezi ingati. Dzuwa lisanapendeke anali atachichotsa.

Tsopano, awerengi, ndithandizeni kuganiza, poti ine ndine wa Fomu 3 chabe.

Abusa amatiphunzitsa kuti benchi ija si yochititsa manyazi. Amati ili ngati chipatala, pamene munthu amakhala kuti achire n'kubwerera mwa anzake. Ngati zili choncho, ndawalakwira chiyani a Shado? Munthu amakwiya chifukwa chomukhazika pa mzere wa kuchipatala? Koma ngati benchiyo ndi ya manyazi, yoti munthu wovala suti sangakhalepo ngakhale pemphero limodzi, tivomereze kuti achemwali anga takhala tikuwachititsa manyazi Lamulungu lililonse, mwana ali kumsana, kwinaku tikuimba za chisomo.

Za a Shado sindinena zambiri, ndi nkhani zimene amayi amakamba posankha usipa pamsika. Ndingotchula imodzi imene ndinaona ndi maso angawa. Tsiku la msonkhano wawo, anyamata awo anakatenga zigubu za kachasu kwa mayi Nachisale, kuti mawu oimbira atuluke bwino. Ndiye taonani. Wotcheza timamukhazika kumbuyo, wopanda mgonero. Wogula ndi zigubu timamusenzera sofa ndi kumubwerekera fani. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wathu ife ndi malata.

Musandimve molakwa. Sindikuti andale asalowe m'tchalitchi. Alowe, ndi anthu a Mulungu nawonso, ndipo mwa anthu onse iwowa ndiye ofunika ulaliki kwambiri. Sindikutinso Mkhristu asachite ndale. Abambo amati dziko likasiyidwa m'manja mwa anthu osaopa Mulungu tisamadabwe mankhwala akamasowa m'chipatala, ndipo pamenepo ndimagwirizana nawo. Chimene chimandisokoneza ndi kalowedwe kake. Amabwera chaka cha chisankho chokha. Amafika mochedwa, amapatsidwa maikolofoni kuti angopereka moni, moniwo n'kutalika kuposa ulaliki, kenako amanyamuka tisanadalitsidwe chifukwa mpingo wina ukuwadikira. Ife n'kuwomba m'manja.

Nanga tsiku limene adzapambane, mjigo umene analonjeza osaoneka, adzawadzudzule ndani? Abusa aima bwanji pa guwa n'kunena za chilungamo, mvula ikulira pa malata a munthu yemweyo?

Mnzanga Yusufu, amene timakhala desiki imodzi, anaseka mpaka misozi nditamufotokozera. Anati kumzikiti kwawo nsapato zonse zimatsala pakhomo, za bwana ndi za msodzi, ndipo wofika msanga ndiye amaima mzere wakutsogolo. Anandifunsa kuti sofa imafuna chiyani m'nyumba ya Mulungu. Koma atatha kuseka anavomera yekha kuti nakonso Lachisanu la masiku ano kukubwera alendo amene sanawaonepo chiyambire, ovala mikanjo yatsopano yosachapidwapo, ndipo pemphero la swala likatha pamapezeka wina wowapemphera mwayi woti anene mawu awiri. Matendawa sasankha chipembedzo.

Ine ndimaganiza kuti Ambuye Yesu atalowa m'tchalitchi mwathu pemphero la a Gondwe lili mkati, sindingavutike n'kuwasankhira malo. Angapite okha pa benchi ija. Anthu amene ankadya nawo ndi omwewo.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene chinandilasa, ndipo sindibisa. Titafika kunyumba abambo anangolowa kuchipinda ndi jekete lawo. Achemwali ndi amene anandipeza kuseri ndikutsuka njinga. Sanakalipe. Anangoti, "Iwe, ukudziwa kuti nkhani yanga ndi Lachitatu? Ukaseka n'kumaliza, amene atsale pa benchi paja ndine." Pamenepo kuseka kunandithera. Ndinali nditaganiza za nkhope ya a Kamwendo, za sofa, za Gift. Za Lachitatu ndinali nditaiwala.

Lachitatu masana anandiitana kubwalo la akulu. A Kamwendo analankhula nthawi yaitali. Anati banja lathu lanyoza mpingo pamaso pa mlendo, malata apita, ndipo a Tadala nawonso anawaona akumwetulira, kusonyeza kuti mtima wolapa sunafike. Anapempha kuti nkhani yawo iyambe yaima. Abambo anangoweramitsa mutu, poti mkulu wa mpingo saweruza nawo mlandu wa mwana wake.

A Gondwe ndi amene anaimika dzanja. Anati iwo kuusilikali anaphunzira kuti lamulo likaikidwa limagwira ndi mkulu wa asilikali yemwe, ndipo mnyamatayu anatsata lamulo la mlembi. Za kumwetulira, anati akanakhala kuti aliyense amene anamwetulira tsiku lija aimitsidwe, mgonero akanadya a Kamwendo okha.

Abusa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundifunsa chifukwa chimene sindinawakhazike pa benchi ya azibambo. Ndinayankha kuti ndinkafuna mlendo aone mpingo wonse, poti pa sofa akanangoona maluwa ndi abusawo. Anatsokomola nthawi yaitali ndithu, nkhope atabisa m'kampango. Atatha anati aliyense asenze katundu wake. Tadala wamaliza malangizo ake mokhulupirika, ndipo sangalipire zochita za mlongo wake. Abwezeredwa Lamulungu likudzali, ndipo mwana abatizidwa pa ubatizo wotsatira. Ndinamva abambo akutulutsa mpweya ngati tayala la njinga.

Kenako anafika pa ine. Lamba wa olandira alendo andilanda. Sofa ndinaibweza kunyumba kwa abusa pa wilibala, ndekha, dzuwa la Mangochi lili pamutu, ana a m'njira akundifunsa ngati tikusamuka. Ndipo popeza benchi ya kumbuyo ndaionetsa chikondi chotere, akuti ndikhale pomwepo mpaka akulu adzaone kuti ndasintha. Abambo anawonjezapo zawo: mpira wa Loweruka ndiuiwale kaye.

Ndapepesa kwa achemwali, ndipo kupepesa kumeneko kunali koona. Kwa enawo ndinangoti ndamva.

Kunena zoona chilangochi sichikundiwawa. Benchi ija ili pakhomo, pamene pamalowa kamphepo, pomwe akutsogolo amakhala akudzikupiza ndi mabuku a nyimbo. Ulaliki umamveka bwinobwino, ndipo munthu umaona aliyense amene akusinza. Dzulo ndinakumana ndi mayi Nachisale pamsika, anandipatsa chitumbuwa chaulere n'kundiuza kuti malo a achemwali andisungira.

Tamvanso kuti shado wina, wa chipani china, watumiza uthenga woti adzapemphera nafe Lamulungu lomweli, ndipo amayi abusa achapa kale tinsalu tawo. Wolandira alendo tsopano ndi Gift. Ine ndidzafika molawirira, n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, kuti bwanayo akadzachedwa asadzasowe pokhala.