Pathabwa Saima

A Vuai ndi mwana wa Faki Pandu ndi Mwanakombo, anthu a ku Pemba. Ine Tatu ndine mkazi wawo, ndipo ndinawaberekera ana atatu: Mcha, Riziki ndi Kombo. Inu zidzukulu mulipo asanu ndi anayi, palibe ndi mmodzi yemwe anagonapo kupolisi. Ndikulemba izi chifukwa mumamva anthu akunong'ona za agogo anu pamaliro ndi pamaukwati. Bola mumve kwa ine.

A Vuai anafika kuno ku Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, ndevu zisanamere, n'kuyamba kunyamula katundu padoko lakale pomwe pankakocheza ngalawa zathanga. Mchere, makala, simenti. Kuchoka m'ngalawa kufika pakhoma la doko ankayala thabwa limodzi lalitali. Amuna asanu akakwerapo, aliyense thumba pakhosi, thabwa linkapindika n'kudzuka, kupindika n'kudzuka, ndiye onse ankaponda nthawi imodzi akuimba. Lamulo lake linali lakuti pathabwa saima. Mmodzi akaima, thabwa limataya onse a m'mbuyo mwake. Bambo anga anali a ntchito yomweyo, lamuloli ndinakula nalo.

Mcha, mwana wathu woyamba, analowa ntchitoyi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Masana ena a mwezi wa Ramadhani, anthu ali ndi ludzu, iye anali patsogolo, bambo ake pambuyo pake, amuna atatu pambuyo pa bambo ake. Mcha anaterereka n'kugwera pakati pa ngalawa ndi khoma. A Vuai sanaime. Anamaliza thabwa, anatula thumba, kenaka n'kudumphira m'madzi. Funde linali litakankhira kale ngalawa kukhoma.

Amuna atatu aja anafa ndi ukalamba, aliyense pakama pake. Amene akufuna kunena amuna anga ayambe wawerenga ana a anthu amenewo.

Koma Riziki anali wa zaka khumi ndi zisanu, ndipo nkhaniyi anaimvera kumsika wa nsomba, mayi wina akuti, "Bambo ake anayamba apulumutsa simenti." Kuyambira tsikulo sanawapatsenso shikamoo, moni umene mwana amapatsa kholo. Ankawaphikira, ankawachapira, koma pakamwa ayi. Anakwatiwa ku Dar es Salaam. Ine wakhala akundiyankhula bwinobwino zaka makumi atatu zonsezi, akaimba foni n'kumati, "Amayi, awo ali bwanji?"

Chaka chatha anabwera kuukwati wa mwana wa Kombo. A Vuai, maso atayamba kale kuchita chifunga, anandiuza kuti, "Muuze mwana wakoyo atiperekeze kudoko. Akaone yekha kuti thabwa lotsala linali lalifupi bwanji."

"Ndi wanga ndekha? Ndinamutola pamchenga?"

"Iwe Tatu, kangomuuza."

Riziki anavomera. Tinakwera galimoto atatu, a Vuai atavala kanzu, mkanjo wawo wa Lachisanu.

Doko ndinali ndisanapiteko chikonzereni. Anathira dothi m'nyanja n'kuwakapo, khoma linasunthira kutali. Pansi ponse miyala yosalala, mipando, maambulera, alendo ovala makabudula akunyambita ayisikilimu. Nyumba imene kale ankasungiramo mchere akugulitsamo madiresi. Ngalawa imodzi anaiika pamtunda, yopentedwa bwino, ana akukwera kujambulitsa.

A Vuai anavula nsapato. Doko ankalidziwa ndi mapazi, poti munthu wathumba pakhosi saona kutsogolo. Anayamba kufufuza ndi zala zakumapazi mphete yachitsulo yomangapo zingwe, imene thabwa linkatsamirapo. Anapita uku, anabwerera, anagunda tebulo la anthu, khofi n'kutayika.

Mlonda anabwera. "Agogo, opempha amakhala kunja kwa geti."

"Opempha ndi amako," ndinatero. "Munthu uyu anasenza simenti yomangira theka la tauni ino iwe usanaphunzire kumanga lamba."

"Pepani mayi. Ndiye akufuna chiyani?"

"Nyanja," anatero a Vuai. "Inali apa."

"Nyanja ili uko, bambo. Mukafuna ndikugwireni dzanja."

A Vuai anaimirira pakati pa matebulo, nsapato m'manja. Anatambasula mkono kuti asonyeze kutalika kwake, koma panalibe poyambira. Anati, "Riziki, linali ngati kuchoka apa kufika apo." Kenaka anati, "Ayi, kufika apo." Malo achiwiriwo anali patali kuposa oyamba.

Riziki anali chiimire, chikwama atachikumbatira pamimba. Kwa nthawi yoyamba ndinamumva akulankhula nawo mowayang'ana.

"Baba, za kutalika zisiyeni. Mcha munamumva akukuitanani?"

A Vuai anatsegula pakamwa. Kumbuyo kwathu wina anayatsa makina ofinyira nzimbe. Kenaka a Vuai anawerama kuvala nsapato, ndipo zinawatengera nthawi chifukwa msana wawo sulolanso. Riziki anadikira mpaka avale zonse ziwiri. Atamaliza, iye anatembenuka kukafuna galimoto.

M'mawa mwake anakwera sitima yapamadzi kubwerera kwawo. Pakhomo anandipsompsona dzanja ine, bambo ake anangowaikira mankhwala a maso pampando.

Musandifunse yankho lake. Ndagona pambali pa munthu ameneyu zaka makumi atatu chichitikireni, ndipo sindinawafunsepo. Mcha ndinamubereka ndine, ndikadafuna ndikadafunsa. Koma Riziki anafunsa, pamaso pa anthu, ndipo ndi mwana wawo. Ayenera kumuyankha.

Masiku ano amakhala pakhonde, foni ili m'thumba la kanzu. Kawiri andiuza kuti ndiwapezere nambala ya ku Dar es Salaam. Kawiri konse ndaipeza, n'kuwapatsa m'manja, iwo n'kunena kuti mwina Riziki ali kuntchito.