Malalanje a Mkamwini

Masiku ano mafoni adzaza ndi alangizi. Pamthunzi pamene ndimagulitsira mbande za mitengo, pafupi ndi siteshoni ya ku Cuamba, sipapita nthawi osamva liwu la bambo wina likutuluka m'foni ya munthu wodikira sitima: dzuka m'mamawa, sintha maganizo ako, dzala lero udzakolole mawa. Ndikamva zimenezo magazi amandiwira. Ndimalakalaka nditamukoka m'fonimo mwini liwuyo n'kumufunsa kuti, iwe, ndidzale pa nthaka ya yani? Poti ine kudzuka m'mamawa ndinadzukadi, maganizo ndinasintha, kudzala ndinadzala. Za mwini dothi ndinachenjezedwa ndi munthu mmodzi yekha, ndipo munthu wake anali woti ngakhale akanandiuza kuti moto umawotcha, ndikanayamba ndaugwira kaye.

Ameneyo anali mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga. Akadali moyo, ndipo ndamva kuti ananenepa.

Ine ndinakulira kuno ku Cuamba. Bambo ankagwira ntchito kunjanji, kwawo kunali cha ku Zambezia. Mayi anali a ku Mandimba, ndiwo anatiyamwitsa Chinyanja pamene anzathu onse pabwalo ankalankhula Chimakuwa. Tinkakhala m'nyumba ya pantchito, ndipo bambo atapuma tinangopinda mphasa zathu n'kutuluka. Mudzi woti tiuloze ndi chala kuti kwathu ndi uko tinalibe. Choncho nditakumana ndi mtsikana wa ku Ngauma paukwati wina ku Mandimba, n'kumva kuti kwawo kuli minda ya chimanga ndi fodya yosiyidwa ndi makolo, sindinachite mantha ndi chikamwini. Kumeneko wosamuka ndi mwamuna. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a mkazi, ndipo wolamula za ana ako si iwe koma mlongo wa mkazi wako. Zonsezo ndinkazidziwa, koma ndinkati munthu akagwira ntchito molimbika amasanduka mwini mudzi.

Chaka choyamba ndinali choseketsa cha mudzi wonse. Manja anga anali a m'tauni, khasu linanditulutsa matuza, mizere yanga inkakhota. Mlamu wangayo ankabwera kumunda wopanda khasu, n'kukhala pachulu, n'kumanditcha mwana wa njanji. "Alamu, kodi kwanu chimanga chimamera m'sitima?" Akatero ankaseka mpaka kutsokomola. Munthu wake analitu waulesi wotheratu. Fodya wake ankawolera m'chigafa chifukwa chosafolera denga, koma pakamwa pokha panali pakuthwa.

Kuseka kwakeko n'kumene kunandikwiyitsa mpaka ndinalumbira kuti ndidzakhala munthu pamudzi pomwepo, iye akuona. Ndinaphunzira khasu. Ndinaphunzira kusoka fodya ndi kumusankha, mpaka apongozi anga aakazi anayamba kundiitana kuti ndikawaonere wawo. Koma sizinandikwanire. Chimanga aliyense amalima. Ndinkafuna chinthu choti anthu akachiona azinena kuti ichi anachita ndi uje.

Ku Massangulo kunali nkhalamba ina imene paunyamata wake inkasamalira dimba la ku mishoni. Inkadziwa kukwatitsa mitengo: umatenga kambande ka mandimu, n'kukacheka, n'kulowetsamo kanthambi ka lalanje lokoma, n'kumanga bwinobwino ndi kansalu ka pulasitiki. Zikagwirana, mtengowo umabereka msanga ndipo zipatso zake zimakhala za uchi. Ndinkapalasa njinga Loweruka kupita kwa nkhalambayo, nkhuku kapena chinangwa pakaliyala. Inali yaukali, inkandimenya pamkono ndikagwira mpeni molakwika, ine bambo wa mwana kale. Mbande zanga zoyamba zinauma zonse. Zachiwiri zinagwira zowerengeka. Ndinapitiriza mpaka dzanja linazolowera.

Malo ndinapempha kwa mkazi wanga. Kumapeto kwa munda wake kunali chitunda cha miyala chimene aliyense anachikana, chotsetsereka kupita kukamtsinje. Tsiku limene ndinayamba kukumba maenje, mlamu anafika, manja kumbuyo.

"Alamu, mukukumba manda a ndani?"

"Ndikudzala malalanje."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mkamwini amadzala chimanga, nyemba, maungu, zinthu zoti akolole chaka chomwecho. Mtengo amadzala ndi eni mudzi. Paja amati mkamwini asamakule mwendo."

Ndinamuyankha kuti mwendo wanga ndi wanga, ndipo ngati eni mudzi akanakhala odzala mitengo bwenzi chitundacho chili nkhalango. Anachoka akung'ung'udza. Madzulo ndinamufotokozera mkazi wanga. Iye anali munthu wosachuluka mawu. Anangoti, "Dzalani inu, abambo. Achimwenewo asiyeni, ine ndilipo." Ndinadzala.

Amene sanathirirepo mitengo m'chilimwe cha ku Ngauma asandiuze za kupirira. Zigubu ziwiri panjinga, kukankha chitunda chonse kuchokera kumtsinje, dzuwa likuswa mtengo. Mbuzi za mlamu yemweyo zinkadya nsonga, ndipo nditadandaula anati mbuzi zili kwawo, mlendo ndine. Ndinatchinga mtengo uliwonse ndi minga. Chiswe chinapha ina, ndinabwezeretsa. Anthu opita kutchalitchi Lamulungu ankaima panjira n'kumaloza, ena kundimvera chisoni, ena kuseka.

Kenako mitengo inabereka. Epa! Chitunda chonse chinafiira. Ogula anayamba kubwera okha kuchokera ku Mandimba, njinga zawo zitamangidwa madengu. Ndinaumba njerwa, ndinawotcha, ndinamanga nyumba ya malata, yoyamba kumbali yathu ya mudzi. Anyamata amene ankandiseka anayamba kubwera kudzapempha kuti ndiwaphunzitse kugwira mpeni. Sindibisa, ndinkanyada. Ndinkayenda pakati pa mitengoyo m'mawa ndikumva kuti mwana wa njanji uja tsopano ali ndi kwawo.

Mlamu naye anasintha nyimbo. Ankabwera ndi thumba lopinda m'khwapa, n'kunena kuti, "Ndati ndidzaone mitengo ya alongo angayi." Ya alongo anga! Pa zaka zonsezo sanalakwitsepo ngakhale kamodzi n'kunena kuti ya alamu. Ankathyola osapempha, kusenda pomwepo, makoko n'kutaya patsinde. Alendo akabwera pamudzi ankawatengera kuchitunda n'kumawafotokozera mmene ife a banja lino tinaganizira zodzala zipatso. Ndinkaluma mano. Mkazi wanga ankandigwira pamkono n'kunena kuti thumba limodzi silingatisaukitse.

Ana tinali nawo, koma wa pamtima panga anali woyamba, wamkazi. Anakulira m'mitengomo. Ndinamuphunzitsa kukwatitsa asanathe n'komwe kusenza ndowa, ndipo dzanja lake linali lofewa kuposa langa, zake zinkagwira pafupifupi zonse. Malalanje omwewo ndiwo anamutumiza kusukulu ku Mandimba. Atakula anakwatiwa, mwamuna wake n'kubwera chikamwini ngati ine, tinawapatsa malo kuseri kwa nyumba yathu, anamanga ya udzu. Mnyamatayo anali waulemu wambiri, wogwada popereka moni, koma ndinkamuona maso ake akamayang'ana malata anga.

Mkazi wanga anadwala nthawi ya mvula, chimanga chikumasula. Tinayesa kuchipatala, tinayesa mapemphero. Sanafike pokolola. Za imfa yake sindinena zambiri, chifukwa zimenezo ndi zanga.

Tinaika maliro, tinameta, miyezi inapita. Ndinkagona ndekha m'nyumba ya malata ija, m'mawa n'kupita kumitengo chifukwa kwina kopita kunalibe. Nyengo yozizira itafika, malalanje atapsa, mlamu anatumiza uthenga kuti abale anga abwere, yakwana nthawi yondisudzula. Kusudzula ndi kumasula wofedwa: akuchikazi amakuuza kuti ukwati watha, ndiwe mfulu, ukhoza kubwerera kwanu. Mawu ake amakoma, koma tanthauzo lake ndi lakuti nyamuka. Komabe sindinade nkhawa kwambiri. Pamudzi pomwepo ndinaonapo bambo wina wofedwa amene ana ake anaimirira pamwambo wotere n'kunena kuti bambo athu sapita kulikonse, tiwasunga ife, ndipo anakhaladi mpaka kufa kwake. Mawu a ana amamveka, makamaka a mwana wamkazi wamkulu, poti ndiye amatsala ndi munda wa mayi ake. Ine ndinali naye mwana wamkazi wamkulu.

Kwathu kunabwera mlongo wanga yekha, kuchokera kuno ku Cuamba. Tinakhala pamphasa pakhonde langa lomwe. Mlamu anavala jekete limene ankapita nalo kumaliro ndi kumaukwati, n'kukhala pampando wanga. Anayamba ndi pemphero, iye amene pakhomo la tchalitchi ankapadziwa pa Khirisimasi pokha. Kenako anandiyamikira. Anati ndinali mkamwini wabwino, wolimbikira, wosamenya mkazi. Anati ndasiya chitukuko pamudzi. Liwu lakuti ndasiya analitchula pang'onopang'ono, akundiyang'ana m'maso.

"Tsono alamu, ife sitikufuna kukumangani. Mukadali ndi mphamvu. Takumasulani, mupite mukapume kwanu."

Mlongo wanga ndi mkazi wa m'tauni, sadziwa kumeza mawu. Anati, "Kwawo kuti? Munthu wakalambira pano. Nyumba iyi anamanga ndani? Mitengo iyo anadzala ndani?"

Mlamu anatambasula manja ngati wansembe. "Mayi, nyumba sitikukana. Ngati angathe kuinyamula, anyamule. Mitengonso azule, dothi lokha atisiyire." Anthu ena anaseka chamumtima, ndinawaona mapewa akugwedezeka. Ndikanakhala ndi chikwanje pafupi, sindikudziwa kuti nkhaniyi ikanathera pati.

Mayi wina wachikulire wa kuchikazi komweko, amene ankagwirizana ndi malemu mkazi wanga, ndiye anadula kusekako. Anati ana alipo, ndipo ndi akuluakulu, bwanji tiwamve. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinatembenuka kuyang'ana mwana wanga. Anakhala kumapeto kwa mphasa, khanda pamiyendo, mwamuna wake atanjuta kumbuyo kwake.

Mlamu anati, "Lankhula, mwana wa mlongo wanga. Munda ndi wako tsopano, nyumbanso ndi yako. Bambo akowa ukuti bwanji?"

Mwanayo anayamba kukonza chipewa cha khandalo chimene chinali bwinobwino kale. Ine ndinkangodikira, ndipo ndinali nditayamba kale kuganiza mawu oti ndimulase nawo mlamu akagonja. Atatsegula pakamwa sanandiyang'ane.

"Ife ndife ana, sitingatsutse amalume. Mwambo ndi mwambo. Ababa azibwera kudzationa."

Azibwera kudzationa. Mlamu ndinkadana naye kuyambira kale, ndipo chidani chimenecho ndinachizolowera, sichinkandipweteka. Koma izi zinandilowa pena. Ndinayang'ana manja a mwanayo, manja amene ndinawagwira ndi anga powaphunzitsa kucheka khungwa osavulaza mtengo, ndipo ndinamva ukali umene sindinaumvepo pa munthu aliyense. Anthu amandiuza kuti ndimumvetse, anali ndi mantha, anali ndi mwamuna womukankha, amalume ake ndiwo adzamuweruzire milandu moyo wake wonse. Ndamva. Mwina n'zoona. Koma pakamwa panali pake, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire.

Ndinadzuka n'kulowa m'nyumba. Mlongo wanga ndiye analira ndi kutukwana m'Chimakuwa mpaka anthu anabalalika.

M'mawa mwake ndinamanga zovala zanga, bulangeti ndi mpeni wanga wokwatitsira. Mlongo wanga anali atatsogola kale kumsewu kukadikira galimoto ya ku Mandimba. Mkamwini wanga anadzipereka kuti andinyamulire katundu, ndinamuuza kuti asandikhudze. Potuluka ndinaona kuti mphasa yawo ndi mitsuko anali ataziika kale pambali pa khonde, kudikira kuti ndichoke. Mlamu sanaoneke. Ndinakankha njinga kudzera njira ya kumunsi, yodutsa m'mphepete mwa chitunda, ndipo ndinadziuza kuti sindiyang'ana mitengo. Fungo lokha ndilo ndinalephera kulitseka.

Nditatsala pang'ono kufika kumtsinje ndinamva mapazi kumbuyo. "Ababa! Ababa, taimani!" Anali mwana wanga, akuthamanga, chitenje chikumukola m'miyendo. Ndinaima. Mulungu ndi mboni, ndinati wasintha maganizo, wabwera kudzandibweza.

Anafika akupuma mwawefuwefu, n'kutula kathumba kamene anasenza. Anagwada monga amachitira mkazi wa pamudzi potsazika mlendo wolemekezeka, n'kukakweza ndi manja awiri.

"Ndakuthyolerani pang'ono, mukadye panjira. Musapite chimanjamanja, anthu angatiseke."

Munali malalanje, osankhidwa bwino, akuluakulu okhaokha. Ndinafuna kuwamwaza m'fumbi. Ndinafuna kumufunsa kuti wapempha kwa yani pothyola. Koma amayi otunga madzi anali ataima kumtsinje akutiyang'ana, ndipo ine ndinaleredwa kuti mlendo akapatsidwa kanthu sakana. Ndinatsamiritsa njinga pantchafu, ndinawomba m'manja, ndinalandira ndi manja awiri.

Ndinati, "Zikomo, mayi. Mwandikumbuka."