Mayi Bronka ndi Mpando wa Malemu Kazik

Ndinakamva usiku ndikuyamwitsa Jagoda, kaphokoso konga ka munthu amene akutafuna buledi wouma. Ndikakhala phee kankaleka, ndikasuntha kankayambanso. Kankachokera mumpando womwe ndinakhalapo.

Kutacha ndinagwada n'kusuzumira kunsi. Pansi panali mbuu ufa wachikasu, ndipo mu ufawo munali timizere ta zala za mwana wanga. N'kuti atangoyamba kukwawa, chilichonse akuponya kukamwa.

Mipandoyo ndi iwiri, ya apongozi anga, mayi Genowefa. Timakhala nawo chifukwa mwamuna wanga Radek amayendetsa malole ku Germany. Nsalu yake yobiriwirayo anaiwomba okha pafakitale ina mumzinda uno wa Lodz isanatsekedwe. Mpando wina ndi wawo, wina unali wa amuna awo, malemu bambo Kazik.

"Amayi, mwana akudya fumbi la mipandoyi. Bwanji tiikute ndi nsalu ina?"

"Radek anakulira pomwepo, anafa? Nsalu imeneyo ikachoka m'nyumba muno, inenso mundichotse."

Lolemba anapita kwa mchemwali wawo, n'kunena kuti abwera Lachinayi. Ndinakweza mpando wa malemuwo, womwe unkagwetsa ufa kwambiri, pakangolo ka mwana. Jagoda ndinamumangirira pachifuwa, ulendo wa kwa mayi Bronka, kuseri kwa malo ophikira buledi.

Mayi Bronka ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu. Anayamba kukuta mipando ali mtsikana, anakwatiwa ndi wokuta mipando mnzawo, ndipo mwamunayo atamwalira anapitiriza okha. Zala zawo n'zopindika ngati mizu. Pachitseko panali pepala lonena kuti kumapeto kwa mwezi akutseka.

"Mwana iwe, kusukulu unkapita kukadya? Pepala sukuliona?"

"Ndaliona, mayi. Koma nsaluyi ikang'ambika, kwathu sindikalowako. Ikapanda kukonzedwa, mwanayu sindingamuike pansi."

Anadina mpandowo ndi chala, n'kumva uli khirichi. Kenako anasisita nsaluyo ndi kumbuyo kwa dzanja, nthawi yaitali.

"Siponji yafa, yasanduka nyenyeswa. Koma amene anawomba iyi ankadziwa ntchito. Tulutsa mwanayo, fumbi ili si la makanda."

Masiku atatu ndinkaimirira panja pawindo, kuonerera. Sanadule kalikonse. Timawaya tomwe tinagwira nsalu kuthabwa ankatizula kamodzikamodzi, n'kumatiponya m'kapu. Tinadzaza kapuyo. Penapake dzanja linkanjenjemera, iwo n'kuligwira ndi linzake mpaka litaleka. Siponji yakale inali itamatirira kunsalu ngati nkhanambo. Anaipala ndi supuni, pang'onopang'ono, mpango uli kumphuno.

"Simuichapa?" ndinafunsa pawindo.

"Ndiichape kuti ifupike, ndiyeno ndiiveke mphaka wako?"

Chimene sindidzaiwala ndi cha tsiku lachitatu. Anadula siponji yatsopano, yoyera, yosalala bwinobwino. Ine mtima unakhala pansi, ndimvekere zatha. Koma iwo anayala nsalu ija patebulo, n'kutsinzina, n'kuyamba kuipapasa. Kenako anatenga mpeni wa buledi n'kuyamba kusema dzenje pasiponji yatsopanoyo.

"Mayi, mukuononga!"

"Khala chete. Bambo ameneyu anali wonenepa, ndipo ankapendekera kumanzere."

Bambo Kazik ndimangowadziwa pazithunzi, koma Radek anandiuza kuti mwendo wawo wamanja unali wolumala, moti pokhala ankatsamira mbali inayo. Mayi Bronka sindinawauzepo zimenezi.

"Mwadziwa bwanji?"

"Nsalu yandiuza. Yatamuka pomwe munthu ankailemera zaka makumi anayi. Ukaikoka pasiponji yathyathyathya, pena ichita makwinya, pena iphulika. Umasema siponji kuti itsate nsalu, osati nsalu itsate siponji."

Anayala kansalu koyera pakati kuti siponji isakhudze nsalu yakaleyo. Pokhoma, ankafufuza timabowo takale n'kudutsamo momwemo. Pomwe nsalu inasuluka ndi dzuwa panabwerera m'mphepete momwe panali, osaphonya ngakhale ulusi umodzi.

Lachinayi apongozi anafika mpando uli pamalo pake. Mpando winawo ndinali nditaukulunga kunsi ndi bulangete. Anavula chikhoto, n'kuima. Anayenda mpaka pampando wa amuna awo n'kuika dzanja m'dzenje lija, monga amachitira tsiku lililonse akamadutsa. Dzanjalo linalowa mofewa, popanda phokoso.

Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Wauba mpando wanga, iwe."

"Eya, amayi."

"Ndani wachita zimenezi?"

Ndinawauza. Anayang'ana Jagoda akukwawa pansi poyera, kenako anayang'ana bulangete lija.

"Nanga wangawu uzingokhala m'thewera ngati khanda?"

Mawa lake ndinathamangira kwa mayi Bronka. Ndinawapeza akulongedza zida m'katoni, chifukwa mwezi unali utatsala masiku anayi. Ndinawauza kuti apongozi, omwe anawomba nsalu ija, avomera kuti mpando wawonso ukonzedwe, koma ndikudziwa kuti akutseka.

"Amene anawomba nsalu ija ali moyo? Ndiye wakhala ukundibisiranji, chitsiru iwe?"

Anatulutsa supuni ija m'katoni n'kuiika m'thumba la chikhoto. Anati mpando wachiwiriwo ndisaubweretse msanga. Lolemba abwera okha kwathu, akaone mmene mayi Genowefa amakhalira, chifukwa dzenje la munthu wamoyo salota, amaliyeza mwiniwake ali pomwepo. Atatero anapita pachitseko, n'kufufuta tsiku lotsekera lija papepala, osalembapo lina.