Mapiritsi a achemwali anga

Kwathu kwa Kanduku mankhwala samanana. Munthu akabwera kuchipatala ndi kapepala ka mapiritsi mudzi wonse umadziwa, ndipo wina akamva mutu kapena m'mimba amangopita kukapempha monga timapemphera mchere. Womana amanenedwa mpaka pamaliro pake. Ndinakula ndi khalidwe limeneli, ndipo sindinkaona cholakwika chilichonse kufikira pamene linanditengera achemwali anga.

Achemwali anga aakulu anavutika ndi zilonda za m'mimba kwa zaka zambiri. Ankati pamtima pamawotcha ngati ameza khala lamoto. Ine ndinkagulitsa manachesi kumalire, kwa madalaivala a magalimoto akuluakulu, ndiye ndinkadziyesa wotsogola pabanja pathu. Ndine ndinkawagulira makapisozi ofiira ndi achikasu aja kutsidya ku Zobue, n'kumawalangiza ngati dokotala: "Mukamva kuwawa muzimwa awiri, kukaleka muzisunga otsalawo." Sukulu ndinalekera sitandade sikisi, koma pakamwa pokha ndinali ndi digiri.

Zitafika poipa, alamu anga anawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala paboma. Kumeneko anawauza kuti m'mimba mwawo muli tizilombo, nawapatsa mapiritsi amitundu itatu oti amwe milungu iwiri osadumphitsa. Ndinapita kukawazonda sabata yoyamba isanathe. Ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza, akuseka, nkhope itayamba kubwerera mwakale.

Tsiku limenelo nanenso m'mimba munkandipota. Sanali matenda oti n'kudandaula nawo, ndinali nditangodya tchipisi chogona. Koma maso anga anagwera pa kapepala ka mapiritsi kamene kanali pawindo.

"Achemwali, mundigawireko. Si mwachira inu?"

"Adokotala anati ndimalize onse," anayankha motsitsa mawu.

"Adokotala amangonena. Mwayamba liti kumana m'bale wanu?"

Mawu amenewa ndi amene amandisowetsa mtendere mpaka lero. Ndinawanena moseka, koma ndinkadziwa bwino pamene ndikubaya, chifukwa achemwali anga sanamanepo munthu chibadwire. Anakhuthulira mapiritsi aja pachitenje, nawagawa pakati, theka langa n'kundikulungira m'pepala la shuga. "Kupatsa n'kuika," anatero akumwetulira.

Ndinamwa masiku awiri, m'mimba munasiya. Otsalawo ndinawasinja n'kusungunulira m'madzi a nkhuku zanga, poti m'mudzi munali chitopa. Nkhukuzo zinafabe zonse.

Mvula itayamba, matenda a achemwali anabwerera mwaukali. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi omwe aja, ndipo ulendo uno anamwa onse mokhulupirika, koma zinali ngati akumeza chimanga. Ulendo wachitatu ndinawaperekeza ndine. Dokotala wake anali bambo wofatsa, wa kalankhulidwe ka kumpoto. Anayang'ana m'kabuku kawo ka kuchipatala kwa nthawi yaitali, kenaka anafunsa:

"Mayi, mankhwala oyamba aja munamaliza?"

"Ndinamaliza, adokotala."

Achemwali sanandiyang'ane n'komwe. Ine wapakamwa uja ndinangogwetsa maso pasimenti. Dokotala anafotokoza kuti tizilombo timeneti tikamalawa mankhwala pang'onopang'ono osafa, timawazolowera, ndipo pambuyo pake mankhwalawo sagwiranso ntchito. Anafunsanso ngati ankamwa makapisozi ogula mwaokha. Achemwali anavomera, nati ankagula okha pagolosale ya m'mudzi. Limenelo linali bodza lachiwiri, nalonso lotchinjiriza ine.

Dokotalayo anatitumiza ku Blantyre kuti akayese mankhwala ena amphamvu. Tili mkati mokonzekera ulendo, achemwali anayamba kusanza magazi. Anawagoneka paboma pomwepo, ine ndinakhala wowadikirira.

Ndafunsapo anthu ophunzira ngati theka lija ndi limene linawapha, ndikumanamizira kuti ndi nkhani ya mnzanga. Ena amati makapisozi a zaka zonse zija anali atawononga kale zinthu, ena amati palibe angadziwe. Zonsezi sizinditonthoza, pakuti makapisozi omwewo wobwera nawo ndinali ine. Alamu anga sadziwa kanthu. Amandiyamika pagulu kuti ndinasamala mkazi wawo kuposa m'bale wina aliyense, ine n'kumangogwedeza mutu. Kuyamika kumeneko ndimakuopa kuposa kutukwanidwa.

M'mawa wa tsiku lachinayi chiwagonekereni m'chipatala muja, ndinkawapukuta kumaso ndi kansalu konyowa, nditatsimikiza mtima kuti lero ndipepese basi.

"Achemwali, mapiritsi munandigawira aja..." ndinayamba choncho.

Anandigwira dzanja ndi zala zawo zozizira, nandiyang'ana ndi nkhawa yeniyeni.

"Eya, ndakhala ndikufuna kukufunsa, mng'ono wanga," anatero. "Kodi anakuthandiza? M'mimba muja munasiya?"

Ndinati munasiya.

"Ndiye bwino," anatero, natseka maso.

Anamwalira dzuwa lisanafike pamutu, ndisanamalize zimene ndinayamba kunena.