A Makiyi ndi Zikwama za Paphiri

Pakampani yathu yosindikiza mabuku, woyamba kufika m'mawa anali a Makiyi. Dzina lenileni anali nalo, koma linatsalira m'mafayilo. Ife tinkawatchula choncho chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwawo akamadutsa pakhonde. Anatha zaka makumi awiri ndi zisanu akutsegula zitseko, kupukuta matebulo, kuwiritsa madzi a tiyi ndi kuperekera makalata. Ukawauza kuti adikire penapake, unkawapeza pomwepo ngakhale mvula igwe. Tinkawaseka nazo zimenezi, ndipo woyambitsa nthabwala nthawi zambiri ndinali ine, mlembi wa bwana.

Chaka chimenecho bwana anali atayamba kung'ung'udza kuti a Makiyi akalamba, akuti ukawaitana sakumva, masitepe akukwera mochedwa. A Makiyi anazimva, poti wobweretsa tiyi sabisiridwa kanthu. Nditapachika chikalata choti Loweruka antchito tonse tikakwere phiri, iwo ndiwo anayamba kulembetsa.

"Mukafika koma, bambo?" ndinawafunsa moseka.

"Mayi, ndikufuna abwana akandione ndi maso awo," anayankha osaseka.

Ulendowo ndinakonza ndine, mapu ali mufoni yanga. Njira yake ndi yozungulira: umakwerera mbali ina, kudutsa malo atatu oonera patali, n'kutsikira mbali inayo mpaka kufika pomwe wasiya galimoto. Zimenezi ndinaziwerenga, sindingakane.

A Makiyi anabwera atavala nsapato zawo zakuntchito, zopolisha bwinobwino, kabotolo ka madzi kali m'thumba la jekete. Pachitunda choyamba anatisiya tonse. Amuna a kumakina, odzitama ndi mpira aja, anali wefuwefu atagwira mawondo, mkuluyo ali patsogolo akutipatulira nthambi.

Titafika pamalo oyamba oonera, pathanthwe pomwe nyumba za m'munsi zimaoneka ngati mabokosi a machesi, anthu anayamba kudandaula kuti zikwama zikulemera. Tinali titalongedza ngati tikusamuka. Anaziunjika pansi n'kuthamangira kukajambulitsa, ndipo ine ndinafuna kuoneka wanzeru.

"Bambo, tsalani pano ndi zikwamazi," ndinauza a Makiyi. "Tikupezani pobwerera."

Anayang'ana njira yokwera, kenako anayang'ana bwana, amene anali kalikiliki ndi kamera. "Ndimati ndikafike pamwamba, mayi."

"Nanga tisiyire ndani? Wokhulupirika pano ndinu."

Sanatsutse. Anawerenga zikwamazo, zinali zisanu ndi ziwiri, n'kukhala pambali pake.

Ndinazindikira cholakwa changa titadutsa malo achiwiri, njira itayamba kukhotera kuseri kwa phiri. Pathanthwe paja sitidutsanso. Kubwerera kukanatitengera mphindi makumi anayi basi, koma bwana anali atangondiyamikira pamaso pa onse kuti ndimadziwa kukonza zinthu, ndipo mawuwo anali akundikomerabe. Ndinadzinamiza kuti kutsogolo tipeza kanjira kachidule. Ndinayesa kuimbira a Makiyi mobisa, koma netiweki kunalibe. Malo achitatu, amene onse amati ndi okongola kuposa enawo, sindikukumbukira chomwe ndinaonako.

Tinafika pagalimoto cha m'ma thuu koloko, anthu ali ndi njala, chakudya chili m'zikwama.

"A Makiyi ali kuti?" anafunsa bwana, maso ali pa ine.

"Ndinawauza kuti dzuwa likafika pamutu ayambe kutsika nazo," ndinatero. Bodzalo linatuluka mosavuta, ngati ndinachita kulikonzekera.

Tinakweranso anthu anayi: bwana, ine ndi amuna awiri a kumakina. Tinawapeza pomwe ndinawasiya. Kamthunzi komwe kanalipo anali ataikapo zikwama n'kuzifunditsa jekete, iwo ali padzuwa, milomo itauma gwaa. Kabotolo kawo kanali katatha kalekale. M'zikwamamo munali madzi ambiri, koma sanatsegule ngakhale chimodzi.

"Simunamve kuti mutsike nazo?" bwana anakalipa. "Takweranso phiri lonseli chifukwa cha inu."

A Makiyi anandiyang'ana. Sikunali kuyang'ana kwaukali, ankangodikira kuti ndilankhule. Ine ndinawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chomwe sichinamasuke.

"Pepani, bwana," anatero. "Mwina sindinamvetse."

Bwana anapukusa mutu n'kundinong'oneza kuti, "Si zomwe ndimanena zija?"

Potsika a Makiyi ananyamula zikwama zitatu, china chili changa. Sanapunthwe ngakhale kamodzi, koma panalibenso amene ankawayang'ana.

Lolemba anandibweretsera tiyi monga mwa masiku onse, shuga masipuni awiri, n'kundifunsa ngati miyendo yasiya kupweteka. Akananditukwana, mwina ndikanapepukidwa. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndikamuuza bwana zoona, ndipo mawa likafika ndinkapeza chifukwa china. Ndinali wamantha, palibenso dzina lina loti ndidzipatse.

Patatha milungu itatu bwana anandiitana kuti nditayipe kalata yopumitsa ntchito a Makiyi. Ndinaima pakhomo la ofesi yake, pepala lili m'manja.

"Pali vuto?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ayi, bwana."

Ndinaitayipa popanda cholakwika, bwana anasaina, ndinaiika mu envulopu n'kumata. Kenako ndinawaitana a Makiyi, ndipo anandimva nditangoitana kamodzi. Anapukuta manja pabuluku n'kuilandira ndi manja awiri.

"Ndikapereke kwa ndani, mayi?"

"Ndi yanu, bambo."